Kyutekisi Kunsonga kwa Mfuti

Auburn, Sydney
8 Malichi 1998

Okondedwa amake Litia,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli ndi moyo, inu, amayi ndi onse a pakhomo. Ine kuno ndili bwino, kungoti bondo lija limandikumbutsa zaka zanga m'mawa uliwonse.

Kalata yanu ndinalandira Lachitatu. Ndikupempheni chinthu chimodzi: muzikulitsako zilembo, ndipo mugule bolopeni yakuda. Ya buluu mukulemberayi yatha mphamvu, ndinachita kupita nayo pawindo kalatayo. Musaganize zambiri, vuto ndi bolopeniyo.

Nkhani yabwino ndi iyi. Mapepala okubweretsani kuno ayenda. Ku ofesi yoona za olowa m'dziko akuti chatsala n'chimodzi chokha, kalata ya abwana anga yotsimikiza kuti ndili pa ntchito yokhazikika. Abwanawo akuti makalata otere amasayina pa 30 Juni, kutha kwa chaka cha kampani. Zaka zisanu ndi chimodzi ndikudziphikira ndekha zakwana, ndipo chinangwa cha kuno chochokera mu fuliji chimakoma ngati sopo.

Koma Juni asanafike pali kamtunda koti ndikwere. Ife oyenda ndi galimoto yonyamula ndalama za mabanki timayesedwa kuwombera chaka ndi chaka. Wolephera kawiri amamulanda mfuti, ndipo wopanda mfuti galimotoyo sakwera. Tsiku langa ndi 27 mwezi uno. Musade nkhawa. Munthu amene anaphunzitsa anzake kuwombera ali msilikali ku Lebanoni sangagwe ndi mayeso a pa pepala.

Mchimwene wanu Apenisa mumuuze kuti yangona ya kumtunda, ija ya mizu yopangira chakumwa cha alendo, asaizule, siinakwane zaka zinayi. Iye mlendo akangotsokomola pakhomo wathamangira kale kumunda ndi chikwanje. Litia akabwera kuchokera ku Lautoka pa holide, apite nawo amayi kuchipatala cha ku Savusavu akawaone miyendo ija.

Ndine mwamuna wanu,
Sakiusa

29 Malichi 1998

Amake Litia,

Moni nonse kumeneko. Ine ndadzuka, Mulungu akusunga.

Mayeso aja achitika, ndipo ndikabwerezanso pa 24 Epulo. Magetsi a m'chipinda chowomberamo anali ofooka tsiku limenelo. Ena sanadandaule, koma ine ndikuti anali ofooka.

Kuti mumve bwino: mfuti yathu ndi yaing'ono, ya m'chiuno, yolowa zipolopolo zisanu ndi chimodzi. Kunsonga kwake kuli kachitsulo kotumphuka, kochepa ngati njere ya mpunga, ndipo kumbuyo kuli kampata. Umaika kachitsuloko pakati pa kampatako, kenako pachifuwa cha munthu wojambulidwa pa pepala, n'kukoka. Tsono kachitsuloko n'kakuda, kampata n'kakuda, munthu wa papepalayo naye n'ngwakuda. Nditatambasula mkono zonsezo zinangosanduka chinthu chimodzi. Ndinaphethira, ndinapukuta m'maso ndi malaya, koma ayi ndithu.

Amene amatiyesa ndi mayi Noeleen, omwenso amasunga chipinda cha mfuti. Ndi mayi wamfupi wosaseka ndi munthu. Anatsitsa pepala langa, n'kuliyang'ana nthawi yaitali.

"Bambo Saki, chaka chatha mabowo anu onse ndinawaphimba ndi dzanja limodzi. Lero mwafesa mapira. Mwatani?"

"Sindinagone bwino, mayi."

"Mukagone ndiye. Mwatsala ndi mpata umodzi."

Panja ndinapeza Darcy akundidikira. Darcy ndi mnzanga wa m'galimoto, uja ndinakutumizirani chithunzi chake ali ndi nsomba. Iye ndiye amanyamula chikwama, ine ndimamulondera, dalaivala amakhala chotsekeredwa m'kati. Tayenda choncho zaka zinayi.

"Mdala, ndamva kuti khoma la kumanzere lapita kukadandaula kupolisi," anatero.

Ndinaseka mongodzikakamiza. Anandiyang'ana cham'mbali n'kusiya nthabwalazo.

Amayi musawauze zimenezi. Malata a kukhitchini muwamangirire ndi waya, mphepo za mwezi uno sizipatsa ulemu.

Wanu,
Sakiusa

12 Epulo 1998

Okondedwa amake Litia,

Isitala yabwino kwa inu nonse. Ndachokera kutchalitchi, tinaimba mpaka azungu a nyumba zoyandikana anatuluka kudzamvera. Thupi lili bwino.

Mukamva zimene mwamuna wanu wakhala akuchita sabata ino mugwa ndi phwete. Lolemba pa nthawi ya nkhomaliro, galimoto itaima kuseri kwa depoti, Darcy anatulutsa kabotolo m'thumba. Kyutekisi, utoto wa zikhadabo wa mkazi wake Janelle.

"Bweretsa dzanja, mdala, ndikukongoletse," anatero.

"Iwe, ndili ndi mwana wa ku koleji ine. Usandichite chipongwe."

"Ndikunena mfutiyo, wagona iwe! Bambo anga ankachita zomwezi atakwana zaka makumi asanu. Kachitsulo kakawala, diso limakapeza lokha."

Ndinamukumbutsa kuti mfuti ndi ya kampani, ndipo lamulo likuti osasintha kanthu kalikonse pa iyo. Anati utoto si kusintha, ndi kuphoda chabe. Ndinachotsa zipolopolo zonse n'kuziika m'chipewa, iye n'kupaka ndi kabulashi ka m'botolomo. Pofika madzulo utoto wonse unali utatsalira m'chikopa cha m'chiuno chosungiramo mfuti, chifukwa tinapaka pamwamba pa mafuta.

Lachitatu tinachita mwaukatswiri. Tinayamba tatsuka kachitsuloko ndi sipiliti mpaka mafuta onse atachoka. Kenako utoto woyera pansi, kamodzi kokha, ndi kamtengo kotokosera m'mano, chifukwa bulashi imachulutsa ndipo utoto ukakhala bumphu kachitsulo kamatalika, zipolopolo n'kumagwa m'munsi. Tinadikira kuti uume. Lachinayi tinaika wa olenji pamwamba pake, wowala ngati papaya lakupsa. Taganizani amuna awiri akuluakulu, a mayunifolomu, atagwirizira mfuti pa kabowo kolowera mphepo, akuuzira mosinthana. Dalaivala anagogoda pagalasi akufuula kuti, "Kumbuyoko mwatsegula saluni kodi? Mutu ukundiwawa ndi fungolo!"

Nditatambasula mkono, amake Litia, ndinakaona. Kadontho kowala, kokhakokha, koonekeratu. Misozi inalengeza, ndipo Darcy ananamizira kufuna chinachake pansi pa mpando.

Chimene chikundisowetsa mtendere ndi windo la mayi Noeleen. Madzulo aliwonse timabweza mfuti pamenepo. Masiku atatu awa ndapereka chala chachikulu chili pansonga, iwo n'kuiika mu kabati osayang'ana. Koma pa 24 adzaima pambali panga penipeni.

Zija munafunsa, zoti bwanji pa chithunzi cha ukwati wa mwana wa mlongo wanga ndinalemba kuti wa diresi la buluuyo sindikumudziwa pamene ndi inuyo: ndinkakusekani chabe. Chithunzicho chinajambulidwanso patali.

Mundipempherere.

Sakiusa

26 Epulo 1998

Amake Litia wanga,

Moni, ndipo muyambe mwaimba nyimbo musanapitirize kuwerenga. Ndakhoza!

Zipolopolo makumi atatu, zonse m'kati mwa mzere. Ndinkangoika kadontho kaja pakati pa chinthu chakudacho n'kukoka. Munthu wa papepala ndi wabwino, sasuntha, ndipo pakati pake pamakhala pomwe unapasiya chaka chatha.

Titamaliza, mayi Noeleen anatambasula dzanja. "Tabweretsani ndione."

Anaitembenuza mfutiyo, n'kukanda kadonthoko pang'ono ndi chikhadabo.

"Woyera pansi, olenji pamwamba. Amene anakuphunzitsani amadziwa ntchito yake," anatero. "Simuli woyamba, bambo Saki. Theka la madala a pa depoti pano ali ndi kyutekisi m'malokala osungiramo zovala, ndipo ine ndimayang'ana kumbali. Munthu akamakula zapafupi zimayamba kuthawa, zakutali n'kumaziona bwinobwino. Zimenezo utoto umakonza. Koma ndikufunseni, ndipo mundiyankhe zoona. Chimene chimakusowani ndi kachitsuloka kokha, kapena ndi munthu wa kutsogoloyonso?"

"Kachitsulo kokha, mayi."

"Mukunenetsa?"

"Ndikunenetsa."

Anandiyang'ana m'maso nthawi yaitali, kenako anasayina. Ndalemba zimenezi monga mmene zinayendera, ndipo sindiwonjezerapo kanthu.

Darcy anandigulira nsomba ndi tchipisi, akuuza aliyense kuti mphunzitsi wanga ndi iye. Janelle ndamugulira mabotolo awiri atsopano, ndipo mtsikana wa m'sitolo anandifunsa ngati ndi anga.

Yambani kufunafuna munthu wodzakhala ndi amayi. Ine ndikuona ngati Unaisi, mwana wa malume, ali ndi mtima wautali. Apenisa ayi, angawadyetse yangona m'malo mwa tiyi.

Mwamuna wanu wokondwa,
Sakiusa

24 Meyi 1998

Amake Litia,

Ndikhulupirira muli bwino. Ine ndilipo, kuzizira kwayamba.

Mwina mumva pa wailesi, choncho ndi bwino mumve kwa ine. Lachiwiri achifwamba anaukira galimoto ya kampani ina, masana dzuwa likuswa mtengo, pakhomo pa sitolo yaikulu. Wonyamula chikwama anamuwombera m'mimba, ali kuchipatala. Akuti anali amuna awiri ovala majasi a mvula, ndipo anabwera akuthamanga kuchokera pakati pa magalimoto. Sanagwidwe. Pa depoti nthabwala zatha, aliyense akudziwa kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Abwana atisonkhanitsa kawiri, mawu awo amodzimodzi: olondera, maso anu ndiwo moyo wa mnzanu.

Dzulo ndinakadya kwa Darcy. Janelle anawotcha nyama ya nkhosa, ndipo ana awo aakazi awiri anandipachika maluwa a pepala m'khosi akuti ndi mmene timachitira kwathu. Potsuka mbale Janelle anandigwira mkono.

"Saki, anzanga akundifunsa kuti ukugona bwanji mwamuna wako ali pa ntchito imeneyi. Ndimawauza kuti kumbuyo kwake kuli msilikali. Ine sindiopa."

Darcy anafuula ali pabalaza kuti, "Msilikali wopaka kyutekisi!" Onse anaseka. Ine ndinangopitiriza kutsuka mbale osadzutsa mutu.

Masiku ano ndikumanyamuka msanga kunyumba, chifukwa mabasi asintha kalembedwe ka manambala ndipo ndimachita kudikira basi iime kuti ndifunse dalaivala. Dzuwa la nyengo ino nalonso limayenda m'munsi, limalowa m'maso ngati utsi. Pali zina ndikanakuuzani tikanakhala pa mkeka umodzi, koma pepala si malo ake. Kwatsala milungu isanu yokha.

Unaisi ngati wavomera, mumupatse chipinda cha Litia. Nkhumba yaikazi musagulitse, mumusiyire iyeyo aziweta.

Wanu,
Sakiusa

21 Juni 1998

Amake Litia,

Moni. Sindikudwala, sindinavulale, ndipo palibe amene wavulala.

Mwambo wotsanzikana nanu umene abusa akukonza kutchalitchi, muwapemphe ayambe aimitsa kaye. Musawapatse chifukwa, mungoti mwamuna wanga wanena.

Lachinayi kunachitika kanthu ku ntchito. Ndayamba kalatayi katatu, katatu konse ndang'amba. Mundipatse sabata imodzi.

Sakiusa

28 Juni 1998

Okondedwa amake Litia,

Ndikupatsani moni, inu ndi amayi. Mukhale pansi, ndipo kalatayi muwerenge muli nokha.

Lachinayi lija, pa 18, tinafika pa sitolo ina yaikulu cha m'ma folo koloko masana. Pamalo pamenepo wonyamula chikwama amalowa yekha pa kakhomo ka kumbali, ine ndimaima panja pakati pa kakhomoko ndi galimoto. Darcy analowa. Kunagwa mvula yamphamvu ya mphindi zochepa, kenako inakata, dzuwa n'kutulukira pansi pa mitambo. Phula yense wonyowayo anasanduka galasi. Ndinaima pamenepo m'maso muli mbuu, ndikuona magalimoto ngati milu ya zinthu.

Kenako chinachake chinaphulika kumbuyo kwa sitoloyo. Pambuyo pake ndinamva kuti linali thabwa lolemera limene linagwa pa lole, koma nthawi imeneyo ndinamva mfuti. Nditatembenuka ndinaona munthu akuthamanga kuchokera pakati pa magalimoto, atavala jasi la mvula, chinthu chakuda chili m'manja, akulunjika galimoto yathu. Sanachokere ku kakhomo kaja, anachokera mbali inayo.

Dzanja linachita zimene linaphunzira kalekale. Ndinasolola, ndinatambasula, ndinafuula kuti aime. Sanaime, akuti sanamve chifukwa cha chipewa cha jasilo. Kadontho kaja ndinakaona bwino kwambiri, amake Litia, kuposa tsiku la mayeso. Ndinakaika pakati pa chinthu chakudacho. Mfuti zathuzi chala chimayenda mtunda pang'ono isanalire, ndipo changa chinali chitayenda theka.

"Saki! Saki! Ndine ine, chitsiru iwe!"

Anali Darcy. Kakhomo kaja loko wake anafa ali m'kati, ndiye anatulukira khomo la kutsogolo, ndipo mayi wina wa m'sitolomo anamubwereka jasi. Anali pa mapazi khumi ndi awiri kuchokera pamene ndinaima. Ndinamudziwa ndi mawu. Nkhope sindinaione mpaka atafika poti n'kundigwira.

Tinalowa m'galimoto. Dalaivala ankayang'ana mbali ina ndipo sanaone kanthu. Darcy ndiye anayamba kuyankhula.

"Kuyambira liti?"

"Chaka chatha. Poyamba linali diso la kumanja lokha."

"Ndiye ine n'kumakupakira utoto ngati chidole! Bwanji sunandiuze, mdala?"

Anapukuta kumaso ndi jasi lija, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Tamvera. Palibe waona. Kwatsala masiku khumi ndi awiri kuti bwana asayine. Dzanja lako lisayandikirenso chikopacho, ine ndiziyang'ana za tonse awiri. Mkazi wako akatera pa bwalo la ndege, upite kwa dokotala. Wamva?"

Ndinamufunsa kuti anaona chiyani pamene ankathamangapo. Anakana kunena, ine n'kuumirira.

"Ndinaona kabowo ka mfuti," anatero. "Koma chimene chinandiopsa si chimenecho. Unkandiyang'ana m'maso mwenimweni ngati sunandionepo chibadwire."

Lachisanu ndinapita ku ntchito monga ananenera. Tsiku lonse ndinayenda kumbuyo kwake manja ali lende. Pa banki yachitatu munthu wina anatidutsa mothamanga, ndipo ine ndinangoima, osadziwa ngati ndi wachifwamba kapena wothamangira basi. Apo m'pamene ndinazindikira kuti ndagwira njakata. Ndikagwira mfuti ndipha wosalakwa, ndikapanda kuigwira Darcy akuyenda ndi chikwama kumbuyo kwake kulibe munthu. Ndipo Janelle akugona tulo.

Lolemba m'mawa ndinapita pawindo la mayi Noeleen. Atanditulutsira mfuti sindinailandire.

"Mayi, funso lija munandifunsa mu Epulo, ndinakunamizani."

Sanakalipe. Anatenga kansalu ndi kabotolo ka mankhwala, n'kupukuta kachitsulo kaja mpaka kadabwerera kukuda kwake. "Mukudziwa kuti ndikalemba izi abwana sangasayine kalata yanu?"

"Ndikudziwa."

"Nanenso ndili ndi mlandu, ndinaona maso anuwo n'kusankha kukhulupirira pakamwa panu," anatero. Analemba.

Darcy atamva anandipeza ku malokala, anandigwira malaya pachifuwa. "Masiku asanu ndi atatu, Saki! Ndinakuuza kuti ndipirira, moyo umene uli pachiswe ndi wanga!" Ndinamuuza kuti moyowo si wake yekha, ana aja ali nawo gawo. Anamenya lokala ndi chibakera, kenako anakhala pansi n'kulira, munthu wamkulu ngati uja. Ndi iyeyo anandiperekeza kwa dokotala Lachitatu.

Ndi ng'ala, maso onse awiri. Dokotala akuti zimachotseka, koma mzere wodikira ndi wautali, mwina chaka. Kampani ilibe ntchito ya munthu wopanda mfuti. Mkulu wina wa kutchalitchi akundifunsira malo kosungira katundu, koma ndi ganyu wa tsiku ndi tsiku, ndipo a ku ofesi aja ganyu samuwerengera. Mapepala anu aima. Sindikudziwa kuti adzayambanso liti, ndipo sindikufuna kukunamizaninso.

Amayi ndiwalembera ndekha. Abusa ndi anthu a kutchalitchi akafunsa, musanene kuti kampani yandichitira nkhanza, chifukwa siinatero. Muwauze kuti sindikuona, ndipo ndinabisa.

Inu mwadikira zaka zisanu ndi chimodzi, ine ndalephera kudikira masiku asanu ndi atatu. Ndikudziwa mmene zimenezi zikumvekera kumeneko, ndipo mukandikwiyira simulakwa. Koma chala changa chinali chitayamba kale kukoka, Torika mkazi wanga, ndipo munthuyo sindinamudziwe.

Ndine mwamuna wanu,
Sakiusa